Asatiuze kuti palibe umboni pamene sanayeze

Alimi tikadandaula kuti madzi a mumtsinje asintha mtundu, kuti fumbi la kumgodi likutsokomoletsa ana, kapena kuti kuphulitsa miyala kwang'amba makoma a nyumba zathu, yankho la adindo ndi eni makampani limakhala lomwelomwelo: "Palibe umboni." Mawu awiriwa atseka pakamwa midzi yambiri. Mfumu imabwerera kumudzi ili khuma, komiti ya chitukuko imalemba kalata ina, kenako nkhani imazizira ndipo anthu amapitiriza kutunga madzi omwewo.

Tikufuna membala aliyense amvetse bwino mfundo iyi. Nthawi zambiri umboni umasowa chifukwa palibe amene anapita kukautenga. Ngati madzi a pachitsime sanatengedwepo kupita ku labotale, ngati magazi a ana sanayezedwepo, ngati palibe anaima pakhomo ndi chida choyezera fumbi kapena phokoso, umboniwo uchokera kuti? Munthu amene sanayeze alibe mphamvu yotiuza kuti zonse zili bwino. Choncho nkhondo yathu yoyamba pankhani ya kuipitsidwa kwa madzi, mpweya ndi bata la m'midzi ndi yoti kuyeza kuchitike, kuchitike ntchito isanayambe, kuchitidwe ndi anthu osadyera mbale imodzi ndi kampani, ndipo zotsatira zifike kwa ife m'chilankhulo chathu.

Umboni sugwa ngati mvula

Akatswiri ofufuza mmene kuipitsidwa kwa chilengedwe kumadwalitsira anthu amayang'ana malo atatu. Poyamba amayeza zomwe zili m'madzi, m'dothi, mumpweya ndi m'mbewu. Kachiwiri amayeza zomwe zalowa m'thupi la munthu: magazi, mkodzo, mapapo ndi makutu. Kachitatu amawerenga mabuku a kuchipatala kuti aone matenda omwe akuchuluka m'dera. Akatha apo amayerekeza. Amafananitsa mudzi woyandikana ndi fakitale ndi mudzi wina wofanana nawo koma wakutali, ndiponso amafananitsa mmene zinthu zilili tsopano ndi mmene zinalili fakitaleyo isanabwere.

Zimenezi si zachilendo kwa mlimi. Pamunda wachitsanzo timabzala mbewu imodzi m'ndime ziwiri, ina tithira manyowa, ina ayi, ndipo pokolola timayeza. Popanda ndime yoyerekezera, aliyense akhoza kunena zake. N'chimodzimodzi ndi mtsinje. Ngati madzi ake sanayezedwe mgodi usanatsegulidwe, tsiku lomwe ng'ombe zidzayambe kufa kampani idzati madziwo anali oipa kuyambira kale, ndipo sipadzakhala pepala lotsutsa.

Milingo yoyerekezera ilipo ndipo si yachinsinsi. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati m'madzi akumwa musapezeke kachilombo ka E. coli ngakhale kamodzi pa mamililita 100, chifukwa kachilomboka n'chizindikiro choti m'madzimo mwalowa chimbudzi. Limati mchere wa nitrate, womwe umachokera ku feteleza, ndowe ndi zimbudzi, usapitirire mamiligalamu 50 pa lita, kamba koti umalepheretsa magazi a makanda kunyamula bwino mpweya. Mtovu usapitirire mamaikulogalamu 10 pa lita. Kuno kwathu bungwe la Malawi Bureau of Standards nalo lili ndi milingo ya madzi akumwa. Funso lathu n'lakuti: mjigo wa m'mudzi mwanu unayezedwa liti komaliza, ndipo zotsatira zake anazimva ndani?

Tonse timadziwa chomwe chimachitika wogula mbewu akabwera ndi sikelo yake, n'kuwerenga yekha manambala, mlimi ali chapatali. N'chifukwa chake takhala tikumenyera nkhondo masikelo ovomerezeka m'misika. Nanga bwanji tilole kuti kampani yomwe ikutaya zonyansa ikhale yomweyo yoyeza madzi, yosunga zotsatira, n'kumatiuza kuti tisade nkhawa?

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe

Anzathu a ku Zambia adutsa m'njira imeneyi, ndipo tiyenera kutolapo phunziro. M'tauni ya Kabwe munali mgodi wa mtovu ndi zinc womwe unagwira ntchito kuyambira 1906 mpaka 1994. Mgodi unatsekedwa, koma fumbi la mtovu linatsala m'dothi la m'makomo momwe ana amasewera. Mtovu sununkha ndipo mwana amene waumeza sagwa pansi tsiku lomwelo. Umaononga ubongo pang'onopang'ono, mwana n'kumalephera kugwira za m'kalasi, makolo n'kumati ndi ulesi. A WHO amanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi womwe ndi wabwino kwa mwana.

Kukula kwa vuto la ku Kabwe kunaonekera poyera magazi a ana atayezedwa. Akatswiri a University of Zambia pamodzi ndi a Hokkaido University ya ku Japan anapeza kuti ana ambiri a m'makomboni oyandikana ndi mgodiwo anali ndi mtovu wopitirira mamaikulogalamu 45 pa desilita ya magazi, mlingo womwe mwana amafunika mankhwala ochotsa mtovu m'thupi. Mu 2020 maloya anakasuma kampani ya Anglo American kubwalo la milandu ku Johannesburg m'malo mwa ana ndi amayi pafupifupi 140,000. Kampaniyo ikukana kuti ndi yomwe inalakwa. Mu Disembala 2023 bwalolo linakana kuti anthuwo ayimbe mlanduwo ngati gulu limodzi, ndipo iwo anachita apilo. Taonani kutalika kwa ulendo: ngakhale pamene magazi ayezedwa, chilungamo chimachedwa. Nanga mudzi umene ulibe ngakhale kapepala kamodzi ungayambire pati?

Nkhani yachiwiri ndi ya alimi enieni ngati ife. Pa 18 Febuluwale 2025, damu losungiramo zonyansa za mumgodi wa kopa la kampani ya Sino-Metals Leach Zambia ku Chambishi linagumuka. Madzi a asidi, omwe poyamba anati ndi malita pafupifupi 50 miliyoni, analowa mumtsinje wa Mwambashi mpaka kukafika mu Kafue. Nsomba zinafa, chimanga ndi mtedza za m'mbali mwa mtsinje zinapserera, ndipo mzinda wa Kitwe unatseka mipopi. Kampani ya Drizit ya ku South Africa, yomwe inalembedwa ntchito yofufuza kukula kwa ngoziyo, inanena kuti zomwe zinatayika zinali zochuluka kwambiri kuposa zomwe zinalengezedwa. Mgwirizano wake unathetsedwa, ndipo a Sino-Metals anatsutsa zomwe inapeza. Mu Sepitembala 2025 alimi 176 anakamang'ala kubwalo lalikulu la milandu ku Lusaka.

Mkangano wonse wa ku Kafue wagona pa manambala: zinatayika zochuluka bwanji, muli chiyani, zafika pati, dothi lidzachira liti. Amene wagwira manambala ndiye wagwira chipukuta misozi. Ngati wofufuza amalipidwa ndi wofufuzidwa, mlimi amakhala kunja kwa mpanda kudikirira kuuzidwa.

Za ku Karonga tisaziiwale

Sitikufunika kuwoloka malire kuti tipeze chitsanzo. Mgodi wa yureniyamu wa Kayelekera ku Karonga unatsegulidwa mu 2009 ndi kampani ya Paladin ya ku Australia, ndipo unaima mu 2014 mitengo itatsika pamsika wa dziko lonse. M'zaka za 2014 ndi 2015 kunabuka mkangano pa zoti madzi a kumgodiko atayidwe mumtsinje wa Sere, womwe umathira mu North Rukuru, mtsinje womwe umakathera m'nyanja ya Malawi. Kampani inati madziwo ayeretsedwa mokwanira malinga ndi milingo yovomerezeka. Mwina zinali zoona. Koma mlimi wa mpunga kumunsi kwa mtsinjewo analibe njira yake yotsimikizira.

Mu Sepitembala 2016 bungwe la Human Rights Watch linatulutsa lipoti la zomwe linapeza m'midzi yoyandikana ndi migodi ya malasha ndi yureniyamu m'boma la Karonga. Anthu anadandaula za fumbi, madzi oipa ndi minda yoonongeka. Ku Mwabulambo, mgodi wa malasha utatsekedwa mu 2015, kunatsala maenje osakwiriridwa. Koma mfundo yaikulu ya lipotilo inali yakuti anthu sankauzidwa za chiopsezo pa umoyo wawo, zotsatira za kuyeza madzi sizinkawafika, ndipo boma linalibe ndondomeko yokwanira yolondolozera matenda okhudzana ndi migodi. Anthu ankangokhala ndi mantha ndi mphekesera. Mantha oterewa amaononga ngakhale kampani yomwe ikuchita zinthu mwadongosolo, chifukwa palibe amene amaikhulupirira.

Tsopano yerekezani ndi zomwe zinachitika ku Area 18 mumzinda wa Lilongwe mu Julayi 2017, pamene zonyansa za m'suweji zinalowa m'mapaipi a madzi akumwa. Nkhaniyo inamveka dziko lonse tsiku lomwelo. Anthu a m'deralo anali ndi mafoni ojambulira, anali ndi atolankhani pafupi, anapeza maloya, anapita kukhoti ndipo khoti linagamula mowakomera. Ife sitikuwachitira nsanje, anachita bwino kwambiri. Tikungofunsa kuti kodi mimba ya mwana wa ku Mwabulambo ndi yosiyana ndi ya mwana wa ku Area 18?

Nkhaniyi ndi yofunika changu chifukwa migodi ikubwera m'minda yathu. Masomphenya a Malawi 2063 akuika migodi pakati pa magawo ofunika okweza chuma. Mu 2023 boma linasaina mgwirizano wa mgodi wa Kanyika ku Mzimba, ndipo mu Julayi 2024 linasaina wa Songwe Hill ku Phalombe ndi wa Kayelekera, womwe unayambiranso kukumba mu 2025 pansi pa kampani ya Lotus Resources. Ku Kangankunde m'boma la Balaka ndi ku Kasiya m'boma la Lilongwe kwapezekanso miyala yamtengo wapatali. Onsewa ndi madera a alimi ang'onoang'ono, a chimanga, fodya, mtedza, thonje ndi nandolo. Nthawi yoyeza madzi, dothi ndi magazi m'madera amenewa ndi ino. Nkhanga zinapangana kusanapse.

Utsi, fumbi ndi phokoso

Madzi oipa amaoneka msanga chifukwa amatsegula m'mimba. Mliri wa kolera womwe unayamba mu Malichi 2022 ku Machinga unagwira anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700, ndipo tsiku ndi tsiku unduna wa zaumoyo unkalengeza manambala. Izi zikusonyeza kuti boma likafuna kuwerenga limatha. Koma matenda obwera ndi mpweya woipa ndi phokoso amadza mwakachetechete, ndipo palibe amawalengeza pawailesi.

Tinthu toopsa kwambiri ta muutsi ndi fumbi ndi tating'onoting'ono kwambiri moti maso satha kutiona. Akatswiri amatitcha PM2.5. Timadutsa m'mphuno, kulowa mkatikati mwa mapapo mpaka m'magazi, ndipo timathandizira kuyambitsa chibayo, mphumu, matenda a mtima, sitiroko ndi khansa ya m'mapapo. Mu 2021 a WHO anatsitsa mlingo wovomerezeka wa tinthuti kufika pa mamaikulogalamu 5 pa kiyubiki mita ya mpweya pa chaka. Bungwe lomweli linawerengera kuti utsi wa m'nyumba unapha anthu pafupifupi 3.2 miliyoni padziko lonse m'chaka cha 2020. M'Malawi muno mabanja oposa 9 mwa 10 alionse amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo amene amaupuma kwambiri utsiwo ndi amayi ndi ana omwe ali kumbuyo.

Wina asatinamize kuti kafukufuku wotere sangachitike kumudzi. Anachitika. Akatswiri a Liverpool School of Tropical Medicine pamodzi ndi anzawo a kuno kwathu analondoloza ana oposa 10,000 m'midzi 150 ya ku Chikwawa ndi ku Chilumba m'boma la Karonga. Mabanja ena anapatsidwa mbaula zamakono zotulutsa utsi wochepa, ena anapitiriza kuphika pamafuwa. Zotsatira, zomwe zinasindikizidwa m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2017, zinadabwitsa ambiri: chibayo mwa ana osakwana zaka zisanu sichinachepe m'mabanja a mbaula zatsopanozo. Phunziro lake n'lakuti mbaula payokha siyokwanira pamene mwana akupumabe utsi wochokera kwina. Popanda kuyeza, ndalama zambiri zikanapitirira kuthiridwa pa chinthu chimodzi ndi chikhulupiriro chabe. Kuyeza kumateteza tonse ku zongoganizira, kuphatikizapo zongoganizira za mabungwe otifunira zabwino.

Za fumbi la miyala, midzi yathu ili ndi mboni zamoyo. Abambo ndi agogo athu ambiri anapita ku Joni kudzera ku Wenela ndi TEBA kukakumba golide, ndipo ena anabwerako ndi chifuwa chosatha. Fumbi la miyala limaumitsa mapapo, matenda omwe madokotala amati silicosis, ndipo limatsegulira khomo chifuwa chachikulu. Mu 2019 bwalo la milandu ku South Africa linavomereza mgwirizano wa ndalama zokwana 5 biliyoni rand zolipira anthu omwe anadwala matendawa m'migodi ya golide, ndipo ntchito yolipirayo inaperekedwa ku Tshiamiso Trust. Koma kuti munthu alandire, pamafunika umboni woti anagwiradi ntchito kumgodi ndiponso woti mapapo ake anayezedwa. Amene anamwalira kumudzi osajambulidwa pachifuwa, n'kungoti anafa ndi chifuwa, abale awo ali pa chintchito chachikulu. Kodi tilole kuti ana athu omwe akuswa miyala ya kwale ndi kukumba m'migodi ya kuno kwathu adzadutsenso momwemo?

Phokoso ndiye palibiretu amene amaliwerengera. Akatswiri amati munthu wokhala m'phokoso lofika madesibelo 85 kwa maola 8 tsiku ndi tsiku amayamba kugontha, ndipo kumva kukatayika motere sikubwereranso. Njira yophweka yodziwira ndi iyi: ngati mukuchita kufuula kuti mnzanu amene waima potalika ngati mkono akumveni, phokosolo lafika poononga makutu. Lowani m'chigayo cha pamsika uliwonse muone ngati mungalankhulane. Anyamata ogaitsa amakhala mmenemo kuyambira m'mawa mpaka madzulo, opanda chotseka m'makutu, akupumanso fumbi la ufa. Zina mwa zigayo ndi makina oswera mtedza ndi za makopaletivi a alimi, choncho nkhaniyi ikutikhudza ngati olemba anthu ntchito. Phokoso la usiku, la majenereta, la malole ndi la makina a kumgodi, limasokoneza tulo, ndipo kafukufuku wa m'maiko ena wasonyeza kuti phokoso lokhalitsa limaonjezera chiopsezo cha matenda a mtima.

Zomwe amatiyankha

Tikayamba kulankhula chonchi, pali mayankho omwe timawadziwa kale. Ena amati alimi ndinu amene mumaononga mitsinje ndi feteleza, mankhwala opopera ndi kulima m'mphepete mwa madzi. Chabwino, tiyeni tiyeze. Labotale imatha kusiyanitsa mchere wa feteleza ndi asidi wa kumgodi, imatha kusiyanitsa mankhwala a mbozi ndi mafuta a kufakitale. Aliyense asenze katundu wake. Chomwe tikukana n'chakuti dzina la mlimi ligwiritsidwe ntchito ngati chophimba cha zonyansa za ena. Ndipo pankhani ya mankhwala opopera, mlimi ndi amene amayamba kuvulala. Chibwerereni mbozi za ntchemberezandonda za mtundu watsopano mu 2016 ndi 2017, kupopera m'minda ya chimanga kunachuluka, pamene mankhwala ena amagulitsidwa m'timabotolo topanda chizindikiro. Pali kuyeza kwa magazi komwe kumaonetsa ngati mankhwala ena ophera tizilombo alowa m'thupi mopitirira. Ndi alimi angati a thonje, fodya ndi matimati omwe anayezedwapo?

Ena amati kuyeza n'kodula ndipo dziko lathu n'losauka. Koma ndalama zoboola nthaka kufufuza miyala zimapezeka, ndipo dothi lochokera m'maenje amenewo limatumizidwa mpaka ku malabotale akunja kuti adziwe kuchuluka kwa chuma chomwe chili pansi. Ngati n'zotheka kuyeza dothi la m'munda mwathu pofuna phindu, n'zothekanso kuyeza chitsime chomwe chili pambali pa mundawo. Mtengo wake ulowe m'chiphaso cha kampani. Ndipo wina atiuze kuti chodula n'chiti pakati pa kuyeza madzi kanayi pachaka ndi kusamalira mwana woonongeka ubongo moyo wake wonse.

Enanso amati tikachulutsa mafunso tithamangitsa obweretsa chitukuko. Ife sitikudana ndi migodi kapena mafakitale. Tikufuna misika, misewu, magetsi ndi ntchito za ana athu. Kampani yachilungamo kuyeza kumaithandiza, chifukwa kumaiteteza ku milandu yabodza. Yomwe ingathawe chifukwa chopemphedwa kuonetsa zotsatira za madzi, ndiye kuti inali ndi chobisa, ndipo kuchoka kwake si tsoka kwa ife.

Malamulo alipo, akusowa mano

Zomwe tikupemphazi si zachifundo. Gawo 13 la malamulo oyendetsera dziko lino limalamula boma kusamalira chilengedwe kuti anthu akhale ndi kugwira ntchito pamalo abwino, ndipo gawo 37 limapereka ufulu wopeza uthenga womwe boma likusunga. Lamulo loona za chilengedwe la 2017 limati munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala pamalo aukhondo ndi athanzi, ndipo linakhazikitsa bungwe la Malawi Environment Protection Authority, lomwe ambiri amalitcha MEPA. Lamulo la zamadzi la 2013 limaletsa kutaya zonyansa m'mitsinje popanda chilolezo. Lamulo la mankhwala ophera tizilombo la 2000 linakhazikitsa Pesticides Control Board. Lamulo la chitetezo ndi umoyo wa anthu pantchito lilipo kuyambira 1997. Ndipo lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga linayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020.

Vuto lili pa kagwiritsidwe ntchito. Ntchito yaikulu isanayambe, lamulo limafuna kuti pachitike kauniuni wa mmene ntchitoyo idzakhudzire chilengedwe ndi anthu. Koma akatswiri ochita kauniuniyo amalembedwa ndi kulipidwa ndi mwini ntchito. Lipoti limatuluka m'Chingerezi, lamasamba mazanamazana. Kumudzi kumachitika msonkhano wa tsiku limodzi, anthu amalemba maina papepala, ndipo pepalalo limakasanduka umboni woti anthu anafunsidwa maganizo. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Sitingadalire kuti wina akatimverere za moyo wa ana athu.

Zomwe tikufuna

Choyamba, pasaperekedwe chilolezo cha mgodi, kwale, fakitale kapena esiteti yaikulu yopopera mankhwala madzi a m'zitsime, m'mijigo ndi m'mitsinje yozungulira asanayezedwe m'dzinja ndi m'chilimwe, pamodzi ndi dothi, fumbi ndi phokoso.

Chachiwiri, umoyo wa anthu oyandikana ndi malowo, makamaka ana ndi amayi oyembekezera, uyezedwe ntchito isanayambe ndipo uziyezedwanso chaka ndi chaka, mwa kufuna kwawo, ndipo aliyense azilandira zotsatira zake m'manja.

Chachitatu, ndalama zoyezera zichokere kwa mwini ntchito koma zisamadutse m'manja mwake popita kwa woyeza. Zilowe m'thumba lapadera, ndipo oyeza akhale malabotale a boma ndi sukulu zathu zaukachenjede monga LUANAR, KUHeS, MUBAS, MUST, Mzuzu University ndi University of Malawi.

Chachinayi, potunga madzi okayeza pazikhala nthumwi zosankhidwa ndi anthu a m'deralo, amayi ndi abambo, ndipo botolo lililonse lizimatidwa iwo akuona.

Chachisanu, zotsatira zizimatidwa pachipatala chaching'ono, kuofesi ya zaulimi ya m'dera ndi kwa mfumu yaikulu, m'Chichewa, Chitumbuka, Chiyao, Chinkhonde, Chilomwe kapena Chisena malinga ndi dera, ndipo ziziwerengedwa pawailesi za m'madera.

Chachisanu n'chimodzi, aphungu athu a ku Nyumba ya Malamulo aonetsetse kuti MEPA, nthambi yoyeza madzi ndi maofesi a zaumoyo m'maboma akupatsidwa ndalama, galimoto ndi zida zokwanira. Woyendera amene amadikira galimoto ya kampani kuti akaiyendere kampaniyo sangalembe zoona.

Ntchito ya makalabu

Pamene tikukankha adindo, pali zomwe kalabu iliyonse ingayambe sabata ino popanda kudikira wina. Gulani kope lolimba ndipo musankhe mlembi wokhulupirika. Lembani tsiku, nthawi ndi malo a chilichonse chachilendo: madzi akasintha mtundu kapena fungo, nsomba kapena ziweto zikafa, mbewu za kudimba zikapserera, miyala ikaphulitsidwa, khoma likang'ambika. Amene ali ndi foni ajambule zitsime, mitsinje, minda ndi makoma a nyumba panopa zinthu zili bwino, chifukwa chithunzi cha lero ndicho chidzayankhe pamene ena adzati ming'aluyo inalipo kale. Chiweto chikafa mosadziwika bwino, itanani mlangizi wa ziweto ndipo mupemphe kuti alembe.

Wodwala apite kuchipatala ndipo amuuze dokotala ntchito yomwe amagwira ndi komwe amatunga madzi, kuti zilembedwe m'buku lake la kuchipatala. Mabuku amenewa asungidwe bwino. Dandaulo lililonse lopita kwa bwanamkubwa, ku khonsolo kapena ku MEPA likhale lolemba, ndipo kalabu isunge kope lodindidwa chidindo cha ofesi yomwe yalandira. Mukafuna zotsatira za kuyeza madzi kapena lipoti la kauniuni, pemphani polemba potchula lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga. Akakukanizani, kadandauleni ku Malawi Human Rights Commission, yomwe ndiyo imayang'anira lamuloli.

Pakhomo pathu tisunge mwambo womwe tikufuna kwa ena. Mipope yopopera isatsukidwe mumtsinje kapena pamjigo, zigubu za mankhwala zisasanduke zotungira madzi, mapesi akwiriridwe m'malo motenthedwa, ndipo kopaletivi iliyonse yomwe ili ndi chigayo igulire antchito ake zotseka m'makutu ndi pamphuno. Tikatero tidzalankhula ndi adindo maso ali gwa.

Tikupempha atsogoleri a makalabu ndi maasosiyeshoni kuti nkhaniyi ikhale pamndandanda wa zokambirana pamsonkhano ukubwerawu. Kalabu iliyonse ilembe malo onse otungapo madzi m'dera lake, chaka chomwe anayezedwa komaliza ngati chikudziwika, ndi ntchito zazikulu zomwe zili pafupi kapena zomwe zikumveka kuti zikubwera. Mndandanda umenewu uperekedwe kwa atsogoleri a m'boma lanu kuti tikautule pamodzi kwa adindo. Tsiku lina akadzatiuzanso kuti palibe umboni, tidzatsegula kope lathu ndi kuwafunsa kuti lawo lili kuti.